Katswiri wa Matenda a M'kamwa ndi Nsagwada Amapezeka Kuti?

Pa Phalula, m'mbali mwa mseu waukulu wochokera ku Blantyre kupita ku Lilongwe, munthu amene dzino lamuvuta sasowa womulangiza. Wina amamuuza kuti aike mchere pa dzinolo, wina amamupatsa muzu woti atafune, ndipo wina amamulozera ku golosale kuti akagule mapiritsi opha ululu. Kawirikawiri dzinolo limaleka kuwawa kapena limazulidwa, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma alipo matenda ena a m'kamwa amene samva mchere, mapiritsi, ngakhale kuzula dzino kumene. Pali chilonda cha pa lilime chimene chimakana kupola, pali chotupa cha nsagwada chimene chimangokulirakulira, ndiponso pali mano a mwana amene amayamba kugwedera nyengo yake yoguluka isanakwane. Matenda otere sachizidwa mongoganizira. Dzina lake lenileni liyenera kudziwika wodwala asanapatsidwe mankhwala, ndipo ntchito yotchula dzinalo ili ndi mwini wake.

Mwini ntchitoyo ndi dotolo amene pa Chingerezi amatchedwa oral and maxillofacial pathologist, ndiko kunena kuti katswiri wofufuza matenda a m'kamwa, nsagwada ndi nkhope. Iyeyu sazula mano, ndipo sakhala m'chipinda choonera odwala. Amagwira ntchito yake m'nyumba yopimira, maso ali pa makina okuza zinthu otchedwa maikulosikopu, kuyang'ana kachidutswa ka mnofu kochokera pa chilonda kapena pa chotupa. Odwala ambiri amene iye amawathandiza samuona n'komwe nkhope yake. Motero munthu amene angakwere basi pa Phalula kunka nafunafuna dotoloyu m'tauni adzangotha ndalama ndi masiku. Njira yomufikira ilipo, koma imayambira pa chipatala chaching'ono cha kwawo komweko.

Chifukwa chake maso okha sakwanira

Nsagwada ikatupa imaoneka chimodzimodzi kunjaku, koma zimene zili m'kati zimasiyana kutalitali. Chofala kwambiri ndi chithupsa cha dzino lobooka. Chimenechi chimabwera m'masiku owerengeka, chimapweteka, chimatentha, ndipo chimakhala ndi mafinya. Dzinolo likazulidwa, mafinya n'kuchotsedwa, wodwala n'kumwa mankhwala opha tizilombo, chotupacho chimaphwa.

Chilinso chotupa china chotchedwa ameloblastoma, chimene chimamera m'kati mwa fupa, makamaka la nsagwada ya m'munsi, ndipo chimakonda anthu achikulire pang'ono kuposa ana. Chimakula pang'onopang'ono kwa zaka, nthawi zambiri popanda ululu, kotero kuti mwini wake amachizolowera. Pa chithunzi cha ekisireyi chimaoneka ngati thovu la sopo. Sichifalikira m'thupi monga ichitira khansa, koma chimadya fupa mpaka nkhope kupotoka. Mankhwala akumwa sachichotsa. Chimafuna opaleshoni, ndipo chikapezeka chikadali chaching'ono fupa lodulidwa limakhala lochepa.

Ndiye pali khansa. Ya akuluakulu imayamba ngati kachilonda m'mbali mwa lilime, pansi pa lilime, m'tsaya kapena pa mlomo, ndipo imayenderana kwambiri ndi fodya ndi mowa. Ya ana, yotchedwa Burkitt, imatupitsa nsagwada mofulumira zedi, koma imasungunuka ndi mankhwala olowetsa m'mitsempha, osati ndi mpeni.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Chotupa china chimafuna kuzula dzino, china chimafuna mpeni, china chimafuna mankhwala amphamvu amene sayenera kupatsidwa kwa munthu amene sakuwafunikira. Dotolo wozindikira akhoza kukayikira poona ndi pogwira, koma wotsimikiza ndi amene waona maselo, timagawo ting'onoting'ono tomwe timapanga thupi. Dzina likalakwika, mankhwala alakwikanso.

Phunziro la ku Kampala

Mbiri ya khansa ya ana ija imaonetsa bwino kufunika kwa ntchitoyi. M'chaka cha 1957 dotolo wina wa opaleshoni wochokera ku Ireland, Denis Burkitt, adaona pa chipatala cha Mulago ku Kampala, m'dziko la Uganda, mwana wotupa nsagwada zonse. Posakhalitsa adaonanso wina wotupa chimodzimodzi. Adafufuza m'mabuku a chipatala napeza kuti ana otere adalipo ambiri, ndipo m'chaka cha 1958 adalemba za nthendayi. Koma ngakhale iye adali dotolo waluso, poyamba adaiika m'gulu lina la khansa. Adali akatswiri opima minofu a ku Makerere, Greg O'Conor ndi Jack Davies, amene atayang'ana pa maikulosikopu adaonetsa kuti nthendayo ndi ya m'gulu la lymphoma, khansa ya maselo oteteza thupi. Pa kagalasi maselo ake amaoneka ngati thambo la usiku lodzaza ndi nyenyezi, ndipo mpaka lero ophunzira amaizindikira ndi chizindikiro chimenechi.

M'chaka cha 1961 Burkitt ndi anzake awiri, Ted Williams ndi Cliff Nelson, adayenda pa galimoto milungu 10, mtunda wa mamailosi pafupifupi 10,000, kuyendera zipatala zoposa 50 za kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa. Adadutsanso m'dziko muno, limene pa nthawiyo linkatchedwa Nyasaland. Adapeza kuti ana odwala nthendayi ankachokera m'madera otsika ndi otentha, monga m'mbali mwa nyanja ndi m'zigwa za mitsinje, ndipo kumapiri kozizira adali ochepa. Pambuyo pake kudadziwika kuti awa ndi madera omwewo amene malungo amavuta. M'chaka cha 1964 Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong a ku London adapeza kachilombo m'maselo a chotupachi, kamene lero kamatchedwa Epstein-Barr. Kachilomboka kakakumana ndi malungo obwerezabwereza m'thupi la mwana, mpata wa nthendayi umakula.

Kwa makolo a ku Phalula, Utale ndi midzi ina ya m'chigwa chotentha cha Shire, nkhaniyi si yakutali. Chotupa cha Burkitt ndi chimodzi mwa zotupa zokula msanga kuposa zonse zodziwika. Maselo ake akhoza kuwirikiza pa tsiku limodzi kapena awiri. Komabe ndi imodzi mwa khansa zimene zimamva mankhwala. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kuli chipinda cha ana odwala khansa, kumene Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake adagwira ntchito zaka zambiri kukonza njira zochizira zoyenerana ndi ana a m'dziko muno, ndipo ana ambiri adabwerera kwawo atachira. Mwayi waukulu uli ndi mwana amene wafika msanga.

Zizindikiro zosayenera kugona nazo

Zilonda wamba za m'kamwa, monga zodza chifukwa chodziluma kapena kupsa ndi phala, zimapola m'kati mwa milungu iwiri. Chilonda chilichonse chimene chapitirira milungu itatu chisanapole chiyenera kuonedwa kuchipatala, ngakhale chikhale chosapweteka. Kusapwetekako ndiko kumanyenga anthu, pakuti khansa ya m'kamwa ikamayamba nthawi zambiri siwawa.

Momwemonso ndi banga loyera kapena lofiira m'kamwa limene silichoka likapukutidwa. Chotupa cha mu usinini, m'tsaya kapena m'khosi chimene sichiphwa. Dzino la munthu wamkulu logwedera popanda chifukwa. Bala la pamene padazulidwa dzino losapola. Dzanzi la pa mlomo wa m'munsi. Ndiponso kuvutika kutsegula kukamwa, kutafuna kapena kumeza. Mabanga ofiirira akuderako kumwamba kwa m'kamwa akhoza kukhala nthenda ya Kaposi, imene imabwera chitetezo cha m'thupi chikatsika. Wokhala ndi mabanga otere ayenera kuyezetsa magazi, popeza mankhwala a ma ARV akhala akuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma kuyambira m'chaka cha 2004.

Kwa mwana palibe zodikira milungu. Nsagwada ikayamba kutupa, mano n'kumagwedera kapena kutalikirana, diso n'kumatong'oka, ulendo wa kuchipatala ndi wa tsiku lomwelo. N'chimodzimodzi ndi mwana wonyentchera, makamaka amene wangodwala chikuku, akachita chilonda chonunkha mu usinini tsaya n'kutupa. Imeneyi ikhoza kukhala noma, nthenda yodya tsaya m'masiku ochepa, imene bungwe la World Health Organization lidaiika m'chaka cha 2023 pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa a m'maiko otentha. Ikapezeka koyambirira imagonja ndi mankhwala opha tizilombo, ukhondo wa m'kamwa ndi chakudya chabwino.

Makwerero atatu

Zipatala za m'dziko muno zidakonzedwa ngati makwerero. Poyambira ndi pa chipatala chaching'ono monga cha Phalula. Wodwala afike ndi kabuku kake ka kuchipatala, ndipo afotokoze zonse mosabisa: tsiku limene adayamba kuona vutolo, ngati likukula, mankhwala amene wamwa kale, achizungu ndi achikuda omwe, ndiponso ngati amasuta, amafwenkha, amaika fodya m'kamwa kapena amamwa mowa. Dotolo akafunsa kuti, "Agogo, fodyayu mumaika mbali iti?" sakufuna kuchititsa munthu manyazi. Akufuna kudziwa poyang'ana, chifukwa pamene pamakhala fodya ndi pamene banga limayambira. Ngati wodwala adalandirapo kale mankhwala pa chipatalacho koma osasintha, abwerere akanene. Kubwerera kumeneku ndiko kumadziwitsa dotolo kuti nthendayo si ya wamba.

Khwerero lachiwiri ndi chipatala cha boma la Balaka. Kale dera limeneli lidali pansi pa boma la Machinga, limene chipatala chake chachikulu chili ku Liwonde, koma kuyambira m'chaka cha 1998 Balaka ndi boma palokha. Pa chipatala cha boma pamakhala ogwira ntchito ya mano, amene ambiri a iwo adaphunzira ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe. Iwowa amasiyanitsa vuto la dzino ndi vuto loposa dzino, ndipo akakayikira amalemba kalata yotumizira wodwala patsogolo.

Khwerero lachitatu ndi zipatala zikuluzikulu: cha Zomba, cha Queen Elizabeth ku Blantyre chimene chidatsegulidwa m'chaka cha 1958, cha Kamuzu ku Lilongwe cha m'chaka cha 1977, ndi cha Mzuzu kumpoto. Kumeneko ndiko kuli madotolo a mano ndi a opaleshoni. Munthu wa pa Phalula akhoza kuganiza kuti popeza mseu wa ku Blantyre wadutsa pakhomo pake, kuli bwino angowoloka Shire pa Zalewa kukafika yekha ku Queen Elizabeth. Koma wofika wopanda kalata amayamba wazungulira, osadziwa khomo lolowera, ndipo nthawi zina amabwezedwa. Kalata imanena kumene wodwala wachokera, zimene zapezeka, mankhwala amene alephera, ndi chipinda chimene ayenera kufikira. Kulandira chithandizo m'zipatala za boma n'kwaulere. Chimene banja liyenera kukonzekera ndi ndalama zoyendera, kamba, ndi munthu womudikirira wodwalayo.

Ulendo wa kachidutswa ka mnofu

Dotolo wa pa chipatala chachikulu akaona kuti chotupacho chiyenera kupimidwa, amabaya jekeseni yochititsa dzanzi, n'kudula kachidutswa ka mnofu kosaposa njere ya nyemba. Madotolo amatcha zimenezi biopsy. Pa zotupa zina, makamaka za ana, amangolowetsa singano yopyapyala n'kukoka maselo pang'ono. Ntchitoyi imatenga mphindi zochepa, ndipo nthawi zambiri wodwala amabwerera tsiku lomwelo.

Kachidutswako kamaikidwa msanga m'kabotolo ka mankhwala otchedwa formalin kuti kasaole. Pa botolopo pamalembedwa dzina la wodwala, ndipo limapita ndi pepala lofotokoza zaka zake, malo pamene kadulidwa ndi mbiri ya nthendayo. Ku nyumba yopimira kamachotsedwa madzi, n'kuumitsidwa m'kati mwa sera, kenaka n'kusengedwa ndi makina m'timagawo topyapyala kuposa tsitsi la munthu kakhumi ndi kupitirira. Timagawoto timayalidwa pa tigalasi n'kunyikidwa mu utoto wa mitundu iwiri, wobiriwira ngati thambo ndi wofiirira, kuti maselo aonekere. Ndipo pamenepo m'pamene katswiri uja amakumana ndi wodwala wa ku Phalula, pa kagalasi kotalika ngati chala. Amayang'ana kukula kwa maselo, maonekedwe ake, mmene afolera, ndi ngati alumpha malire awo kulowerera mu mnofu wabwino. Akatsimikiza amalemba lipoti, limene limabwerera kwa dotolo amene adatumiza botololo.

Pali mantha awiri amene amabweza anthu pa khomo limeneli. Ena amati chotupa chikakhudzidwa ndi mpeni chimakwiya n'kufalikira. Zoona zake n'zakuti chotupa choopsa chimakula ndithu, chidulidwe kapena chisadulidwe, ndipo chimene chimachipatsa mpata ndi miyezi yodikira kunyumba. Ena amakayikira kumene mnofu wawo ukupita. Mnofuwo umathera m'kabuloko ka sera ndi pa kagalasi, zimene zimasungidwa ndi nambala yake kuti ngati pafunika kuonanso zipezeke. Wodwala ali ndi ufulu wofunsa zonsezi asanavomere, ndipo dotolo ali ndi udindo womuyankha. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Akatswiri ndi ochepa

M'Malawi ntchito yopima minofu yakhazikika makamaka m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe, ndipo akatswiri ake ndi owerengeka. Iwo amapima minofu yochokera m'thupi monse, ya m'kamwa ndi ya nsagwada yomwe, mothandizana ndi madotolo a mano ndi a opaleshoni. Ku Blantyre ntchitoyi idakula pamodzi ndi sukulu ya madotolo ya College of Medicine, imene idatsegulidwa m'chaka cha 1991 ndipo m'chaka cha 2021 idalowa mu Kamuzu University of Health Sciences. Ku Lilongwe, nyumba yopimira minofu ya pa chipatala cha Kamuzu idayamba m'chaka cha 2011 mogwirizana ndi University of North Carolina ya ku America. Kumeneko adayambitsa njira yojambula tigalasi n'kutumiza zithunzi zake pa intaneti, kuti akatswiri a kuno ndi a kutsidya kwa nyanja aziyang'ana limodzi kagalasi kovuta. Motero kachidutswa kochokera m'kamwa mwa mlimi wa thonje kakhoza kuonedwa ndi maso a akatswiri a maiko awiri, mwini wake ali kumudzi.

Mbali ya mano idatsalira kwa nthawi yaitali. Pofika m'chaka cha 2019 dziko lonse lidali ndi madotolo a mano osakwana 50 pa anthu oposa 17 miliyoni, ndipo onsewo adaphunzira kunja. M'chaka chimenecho College of Medicine idayamba kuphunzitsa madotolo a mano, mothandizidwa ndi University of Glasgow ndi boma la Scotland kudzera mu ntchito yotchedwa MalDent. M'chaka cha 2022 Unduna wa za Umoyo udakhazikitsa ndondomeko ya dziko ya umoyo wa m'kamwa. Zimenezi n'zofunika pa nkhaniyi, popeza katswiri wofufuza matenda a m'kamwa amayamba wakhala dotolo wa mano, kenaka n'kuonjezera zaka zina zophunzira maselo. Popanda sukulu ya mano palibe nazale yomeretsera akatswiri otere.

Kuchepa kwa akatswiriku kumatsegulira khomo anthu ena odzitcha madotolo, amene amazula mano m'misika ndi m'nyumba. Lamulo la m'chaka cha 1987 lidakhazikitsa bungwe la Medical Council of Malawi, limene limalemba m'kaundula onse ololedwa kugwira ntchito ya udotolo ndi ya mano. Amene sali m'kaundulamo akhoza kuzula dzino logwedera osadziwa kuti pansi pake pali chotupa, ndipo alibe kotumiza mnofu.

Kubwerera kukamva zotsatira

Pali malo amodzi pamene ulendowu umadukira kawirikawiri, ndipo ndi kumapeto kwenikweni. Botolo limafika, katswiri amapima, lipoti limalembedwa, koma mwini wake osabweranso. Wina ndalama ya basi yamuthera, wina nyengo ya dzinja yamupeza ali kumunda, wina waona kuti bala la pamene adadula lapola ndiye wayesa kuti nthenda yatha. Lipoti lokhala m'kabati silichiza munthu.

Zotsatira sizituluka tsiku lomwelo. Zimatenga masiku, nthawi zina milungu ingapo, chifukwa mabotolo ndi ambiri ndipo opima ndi ochepa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha sikutanthauza kungokhala. Asanachoke pa chipatala, wodwala kapena womudikirira aonetsetse kuti m'kabuku mwalembedwa tsiku limene mnofu udadulidwa, nambala ya botolo, tsiku lobwerera ndi chipinda chokafikira. Asiye nambala ya foni, yake kapena ya mbale, imene imagwira. Akafika pa tsikulo n'kupeza kuti zotsatira sizidatuluke, apemphe tsiku lina lilembedwe. Ngati chotupa chikukula, chikutuluka magazi, kapena wodwala akulephera kudya ndi kupuma bwino, asadikire tsiku lolembedwalo. Pa nthawi yodikira asateme mphini pa chotupacho, asachiotche, ndipo asapakepo mankhwala oluma, pakuti zimenezi zimabweretsa mafinya ndi kuchedwetsa opaleshoni.

Si lipoti lililonse limene limabwera ndi uthenga woipa. Zotupa zambiri za m'kamwa si khansa, ndipo munthu akamva zimenezo amagona tulo. Likanena za khansa, lipotilo ndilo limatsegula khomo la chithandizo choyenera.

Udindo wa mudzi

M'mudzi munthu wotupa tsaya sabisika. Amamuona kumjigo, kumsika ndi kutchalitchi, ndipo mphunzitsi amaona mwana tsiku ndi tsiku. Alangizi a za umoyo, mafumu, a komiti ya umoyo ya m'mudzi ndi a mipingo akhoza kuchita zambiri popanda kugwira mankhwala: kufunsa kuti chotupacho chidayamba liti, kukumbutsa banja za tsiku lobwerera, ndi kusonkhetsa ndalama yoyendera monga momwe amasonkhera pa maliro. Asing'anga a zitsamba nawonso angapulumutse miyoyo potumiza msanga kuchipatala mwana aliyense wotupa nsagwada. Kupewa kulinso m'manja mwa banja: kusiya fodya wa mtundu uliwonse, kuchepetsa mowa, kutsuka mano m'mawa ndi madzulo, kugoneka ana m'masikito, ndi kuwabayitsa katemera wa chikuku.

Katswiri wofufuza matenda a m'kamwa ndi nsagwada sakhala pa Phalula, ndipo sayenera kukhalapo kuti athandize anthu a pa Phalula. Chimene amafuna ndi kachidutswa ka mnofu kofika nthawi yabwino, pepala lolembedwa bwino, ndi wodwala wobwerera kudzamva yankho. Ziwiri mwa zitatuzi zimadalira wodwalayo ndi abale ake. Amene ali ndi chilonda cha m'kamwa chimene chatha milungu itatu atenge kabuku kake mawa m'mawa, akayambire pa chipatala cha kwawo.